NJINGA ZA CITSULO NDI AMISIRI OZISUNGA M'MAKOMBONI A LUSAKA

Munthu woyenda m'miseu ya Kanyama, ya Matero kapena ya Chawama salephera kuona mmisiri atakhala pansi pa mtengo kapena pakhonde la sitolo, njinga itagadamizidwa patsogolo pace, masipanala, pampu ndi beseni la madzi oyesera cubu ziri pambali. Zambiri mwa njinga zimene amakonza nzatsopano, zocokera ku India ndi ku China. Koma nthawi zina pamafika ina yakale kuposa mmisiriyo, utoto wace unatha kale-kale, koma felemu yace ikali yoongoka.

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa njinga zakale za citsulo, maka-maka za mpikisano, nazikonzanso kuti zioneke monga tsiku lija zinatuluka m'fakitale. Amisiri a m'makomboni naonso akhala akuukitsa njinga zakufa kwa zaka zambiri, ngakhale kuti cifukwa cao ncina. Magulu awiriwa sadziwana, koma nchito yao iri ndi muzu umodzi, ndiwo khalidwe la citsulo: cikapindika cimaongoleka, cikathyoka cimalumikizika.

Ciyambi ca Njinga

Njinga ya maonekedwe amene aliyense awadziwa lero inabadwira ku England. M'caka ca 1885 John Kemp Starley, wa mumzinda wa Coventry, anatulutsa njinga yochedwa Rover, ya magudumu awiri osasiyana kwambiri msinkhu, ndipo cheni ndico cinkakoka gudumu la kumbuyo. Isanabwere imeneyi, njinga zinali ndi cigudumu cacitali kutsogolo, wokwera nakhala pamwamba pace peni-peni, kotero kuti kugwa kwace kunali koopsa. Patapita zaka zitatu, m'caka ca 1888, John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto wokhala ku Belfast, anapanga tayala la mpira lopoperamo mpweya. Nzeru ziwirizi zitakumana, njinga inaleka kukhala coseweretsa ca anyamata olimba mtima, niyamba kuthandiza munthu aliyense wa ulendo.

Mafakitale anaphuka msanga. Ku Nottingham, Frank Bowden anakuza kampani ya Raleigh, imene inatenga dzina lace ku mseu umene inayambirapo, ndipo inkadzitama kuti njinga yace njacitsulo cokha-cokha. Ku Birmingham kunali Hercules, Phillips ndi BSA. Maina amenewa, pamodzi ndi Humber ndi Rudge, anadzazolowereka pakamwa pa anthu a kuno amene sanapondepo ku England.

Ku Birmingham komweko kunacitika cinthu cina cimene okonda mpikisano saciiwala. M'caka ca 1897 Alfred Reynolds anapeza njira yopangira paipi ya citsulo yocindikala kunsonga zace ziwiri koma yopyapyala pakati. Kunja imaoneka yolingana ponse-ponse. Kusiyana kwace kuli m'kati. Nzeru yace njakuti paipi ya njinga imalemedwa kwambiri kunsonga, kumene yagwirana ndi inzace, ndipo pakati sipafunika citsulo cambiri. Cotero felemu inapepuka, koma mphamvu yace siinacepe.

Polumikiza, mapaipi ankalowetsedwa m'tizitsulo tokhala ngati zigongono, ndipo mmisiri ankatenthetsa pamenepo nasungunuliramo mkuwa wacikasu wosakaniza, umene umayenderera m'mpata monse nugwira zolimba ukazizira. Mkuwa umenewu umasungunuka pa madigiri ngati 900, pamene citsulo cimafuna ngati 1,500. Motero paipi yeni-yeniyo siisungunuka. Apa ndipo pagona moyo wautali wa njinga zimenezi, pakuti cimene moto unalumikiza, moto ukhoza kucimasulanso. Paipi imodzi ikaonongeka, mmisiri amatenthetsa, naisolola, nalowetsamo ina.

Ana Awiri a Mai Mmodzi

M'mafakitale amenewa munatuluka mitundu iwiri ya njinga. Woyamba ndiwo njinga ya nchito, yakuda, ya magudumu a mainchesi 28, ya mabuleki okokedwa ndi tindodo ta citsulo, cishalo cace cacikopa cokhala pa masipulingi. Imalemera makilogalamu 20 kapena kuposapo; siithamanga, koma siidandaula ndi katundu. Waciwiri ndiwo njinga ya mpikisano, ya matayala oonda ndi mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo, yolemera ngati theka la inzaceyo.

Ya mpikisano inakulira m'miseu ya France, Belgium ndi Italy. Mpikisano wochuka wa Tour de France unayamba m'caka ca 1903. Ulendo wace unali wa makilomita 2,428 wogawidwa m'zigawo 6, ndipo anapambana Maurice Garin. Kufikira caka ca 1937 akatswiri a m'menemo sankaloledwa kukhala ndi kacipangizo kosinthira magiya munthu ali ciyendere; akafika patsinde pa phiri ankatsika, namasula gudumu la kumbuyo, nalitembenuza kuti cheni cigwire mano ena. Tullio Campagnolo wa ku Vicenza, amene nayenso anali wopikisana, anapanga kacigwiriro komasulira gudumu popanda sipanala, ndipo m'caka ca 1933 anatsegula kampani imene zipangizo zace zinadzakhala cikhumbo ca wothamanga aliyense. M'caka ca 1935 a Reynolds anatulutsa mapaipi ochedwa 531, a citsulo cosakaniza ndi manganese ndi molybdenum, ndipo ku Milan kunkapangidwa mapaipi a Columbus. Kwa zaka makumi angapo, pafupi-fupi ngwazi zonse zinapambana pa mapaipi a makampani onga amenewa.

Mmodzi wa ngwazizo anali Fausto Coppi wa ku Italy, amene pa njinga ya Bianchi anapambana mipikisano iwiri yaikulu, wa ku Italy ndi wa ku France, m'caka cimodzi ca 1949, nabwerezanso m'caka ca 1952. Imfa yace inacokera ku Africa. M'mwezi wa December 1959 anapita kukathamanga ku Upper Volta, dziko limene tsopano lichedwa Burkina Faso, natenga malungo. Atabwerera kwao madotolo sanazindikire msanga nthendayo, ndipo anamwalira pa 2 January 1960 ali ndi zaka 40. Pambuyo pace kunabwera Eddy Merckx wa ku Belgium, amene pa 25 October 1972, mumzinda wa Mexico, anayenda makilomita 49.431 m'ora limodzi pa njinga ya citsulo yomangidwa ndi Ernesto Colnago. Mtunda umenewu sunapyoledwe kufikira 1984. Nayo Raleigh, imene anthu a kuno ankaidziwa monga yonyamulira matumba, inapambana Tour de France m'caka ca 1980 pansi pa Joop Zoetemelk wa ku Holland.

Njinga Ifika Kuno

Mwa ana awiriwa, amene anayamba kufika m'maiko a Nyasaland ndi Northern Rhodesia ndiye wa nchito. Anabwera naye amishoni, amalonda ndi Azungu a Boma. Anthu olankhula Cinyanja, poona kuzungulira kwa magudumu, anacha cinthu cacilendoco dzina la kanthu kamene ankakadziwa kale, njinga yokulungirapo thonje.

Koma amene anafalitsa njinga m'midzi ndiwo anchito a kumigodi. Mgodi wa Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, unali utayamba kale kuciyambi kwa zaka za 1900, ndipo m'zaka za 1930 kunatsegulidwa migodi yaikulu ya mkuwa: Roan Antelope ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Ena anapita kumwera, ku Wankie, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, kumene anthu amati ku Joni. Munthu wobwerera kumudzi atatha zaka zace za nchito ankayesedwa ndi zimene wabweretsa, ndipo pamwamba pa mabulangete ndi sutikesi panali zinthu zitatu zaulemu: makina osokera, galamafoni ndi njinga. Pa zitatuzi, njinga ndiyo inkaoneka ndi mudzi wonse tsiku ndi tsiku. Inkapita kucigayo, inkatenga wodwala kumka naye kucipatala ca mishoni, inkanyamula uthenga wa maliro. Boma la atsamunda litaona kuculuka kwace linaika msonkho wa njinga, ndipo ndalama zace zinkalowa m'matumba a mafumu oweruza pamodzi ndi za mfuti ndi za agaru.

Njinga inagwiranso nchito ya ndale. Bambo Kenneth Kaunda asanachuke, ankachova njinga kucokera kwao ku Chinsali kukagula zobvala zakale ku Mokambo, m'malire a Congo, kuti adzagulitse. Ndipo kuciyambi kwa zaka za 1950 anazungulira cigawo ca kumpoto pa njinga, kukhazikitsa nthambi za African National Congress. Uthenga wa ufulu unafika m'midzi yambiri pa magudumu awiri.

Njinga ya mpikisano inali yosowa pakati pa anchito, pakuti mtengo wace unali waukulu, ndiponso siikadatha kunyamula thumba la ufa. Kumene inaonekera kwambiri m'manja mwa anthu akuda ndi ku migodi ya golidi ya ku South Africa, kumene eni migodi anamanga mabwalo othamangiramo njinga, nakhala ndi magulu a anchito opikisana mgodi ndi mgodi. Amene anagwirako nchito anabwerako akudziwa kuti njinga yakuda ya kumudzi iri ndi mbale wace wopepuka.

Lusaka ndi Kutalika kwa Njira Zace

Kuti munthu amvetse cifukwa cace njinga inazika mizu m'makomboni a Lusaka, ayenera kukumbukira mamangidwe a mzindawo. Likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka m'caka ca 1935. Olemba mapu anafuna mzinda wotakasuka, wa mabwalo akulu ndi mitengo, woyenera anthu a magalimoto. Maofesi a Boma ndi nyumba za Azungu anaziika pamtunda wa Ridgeway, masitolo m'mbali mwa njanje, ndipo munthu wakuda ankayesedwa mlendo wodzagwira nchito cabe, woyenda ndi citupa.

Matero anamangidwa ndi khonsolo kuciyambi kwa zaka za 1950 kuti mukhale anchito ndi mabanja ao, koma nyumba zace sizinakwanire. Anthu otsala anamanga okha pa minda ndi pa makwale a Azungu ndi Amwenye, nalipira eni malo. Ncifukwa cace makomboni ena ali ndi maina a anthu, monga George, John Laing ndi John Howard. Chawama nayenso poyamba ankachedwa Robert's Compound. Kanyama anakula pamalo a miyala ya njereza kumadzulo kwa njanje, kumene madzi a mvula sacedwa kusefukira, ndipo Kalingalinga anakula kum'mawa. Ufulu utabwera m'caka ca 1964, malamulo a citupa anatha, anthu nakhamukira mumzinda. M'caka ca 1963 Lusaka anali ndi anthu ngati 123,000. Pofika 1969 anapitirira 260,000. Ndipo m'caka ca 1980 anaposa theka la miliyoni. Mtendere anatsegulidwa m'caka ca 1967, Boma likugawa mapuloti kuti anthu adzimangire okha.

Makomboni onsewa anali kumphepete, ndipo nchito inali pakati. Wophika wa ku Kalingalinga anayenera kufika kunyumba ya bwana wace tiyi wa m'mawa asanafunike. Wa ku George kapena wa ku Matero anayenera kufika ku mafakitale belu lisanalire. Mabasi anali ocepa, ndipo ndalama ya basi ya tsiku ndi tsiku inkadya malipiro. Motero munthu akasunga ndalama miyezi ingapo nagula njinga, anali atagula nthawi: ora la tulo m'mawa ndi ora locezera ndi ana madzulo. Pa Sabata ankaitsuka naipukuta kufikira malimu atawala, ndipo usiku inkagona m'nyumba pamodzi ndi eni ace.

Zaka za Kusowa

Luso la amisiri a m'makomboni linakula m'nthawi ya mabvuto. M'mwezi wa November 1965 Azungu a ku Southern Rhodesia anadzitengera ulamuliro pansi pa Ian Smith, ndipo Zambia, amene katundu wace wambiri ankadzera kumwera, anasowa petulo kotero kuti ankagulitsidwa mwa muyeso. M'mwezi wa January 1973 malire a maiko awiriwa anatsekedwa. M'caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pa misika ya dziko lapansi, ndipo ndalama zakunja zoitanitsira katundu zinacepa. Kuyambira pamenepo kufikira caka ca 1991, munthu ankatha kuzungulira masitolo onse a ku Kamwala osapeza tayala, cubu kapena cheni.

Boma linayesa kucitapo kanthu. Kuciyambi kwa zaka za 1980 linatsegula ku Chipata fakitale ya Luangwa Industries, imene inkapanga njinga zochedwa Eagle. Fakitaleyo inadzagulitsidwa kwa a Tata m'zaka za 1990. Koma m'nyumba zambiri cofunika sicinali kugula yatsopano ai, koma kusunga moyo wa yakale. Mmisiri anaphunzira kudula cigamba pa cubu cakufa kuti amate camoyo, kusoka tayala long'ambika m'mbali ndi ulusi wa m'tayala la galimoto, kufupikitsa cheni cotha, ndi kupanga njinga imodzi yoyenda kucokera ku zitatu zakufa. Foloko yopindika ankaiongola ndi paipi yaitali, naiyesa ndi cingwe ndi diso. Felemu yothyoka ankailowetsa kapaipi kena m'kati, naocherera pamwamba. Ogulitsa makala, amene mpaka lero amalowa mumzinda mbanda kuca kucokera ku Chongwe ndi ku mseu wa Mumbwa, analimbitsa makeliyala ao ndi zitsulo zomangira nyumba kuti anyamule matumba angapo ulendo umodzi.

Zonsezi zinatheka cifukwa njingazo zinali za citsulo, ndiponso cifukwa miyeso ya zipangizo zace inali imodzi. Amwenye ndi Achaina anatengera miyeso ya njinga za ku England, kotero kuti habu ya Hero kapena ya Phoenix imalowa pa Raleigh yakale popanda bvuto. Ncifukwa cace njinga ya m'komboni siikhala ya fakitale imodzi: felemu njaku Nottingham, malimu ngaku India, cheni ncaku China, ndipo keliyala njapamseu pomwepo.

Citsulo Cicoka m'Mpikisano

Pamene citsulo cinali kusunga anthu kuno, ku Ulaya ulemerero wace m'mpikisano unali kutha. M'zaka za 1980 kunayamba kuoneka mafelemu a aluminiyamu ndi a ulusi wa kaboni womatidwa ndi ulimbo, opepuka koposa. Miguel Indurain wa ku Spain, amene anapambana Tour de France kasanu motsatizana kuyambira 1991 kufikira 1995, ali pakati pa otsiriza kupambana pa citsulo. Njinga zinapepuka kotero kuti m'caka ca 2000 oyang'anira masewerawa anaika lamulo lakuti isacepere makilogalamu 6.8. Ku Nottingham, a Raleigh analeka kupanga njinga m'caka ca 2002. Njinga zambiri zabwino zinatayidwa kudzala kapena kuiwalika m'nyumba zosungiramo katundu.

Koma cinthu cikayamba kusowa ndipo anthu amacikumbukira. Felemu ya kaboni ikasweka imafuna mmisiri wapadera, ndipo ya aluminiyamu ikang'aluka siilimbanso monga kale. Ya citsulo imapirira zaka makumi asanu ngati yasungidwa ku dzimbiri. Motero kunabuka anthu ofuna-funa njinga za Bianchi, Colnago, Peugeot ndi Raleigh za masiku a Coppi ndi Merckx. M'caka ca 1997, m'mudzi wa Gaiole in Chianti ku Italy, Giancarlo Brocci anayambitsa ulendo wa njinga zakale wochedwa L'Eroica. Caka coyamba anabwera anthu 92. Tsopano amafika zikwi. Lamulo lace ndi lakuti njinga ikhale ya 1987 kapena ya kumbuyo kwace, kapena yomangidwa mwa kacitidwe ka masiku amenewo, tosinthira magiya tiri pa paipi ya pansi, zopalasira ziri ndi malamba omangira phazi. Amayenda dala m'miseu ya miyala ndi pfumbi, ndipo cimodzi mwa zolinga zao poyamba cinali kuteteza miseu imeneyo kuti isathiridwe phula. Wa ku Kanyama, amene wapempha phula zaka zambiri, akhoza kuseka pomva zimenezi.

Kuno citsulo sicinacoke. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba m'caka ca 2005, linafika m'Zambia m'caka ca 2006 kudzapereka njinga 23,000 kwa anthu osamalira odwala m'midzi. Litaona kuti njinga zotsika mtengo sizicedwa kutha, linakonza yace yochedwa Buffalo, imene imamangidwa mu Lusaka: yolemera, ya felemu ya citsulo, keliyala yace yonyamula makilogalamu 100. Akatswiri a ku America anafika pa mfundo imene amisiri a ku Matero anaidziwa kale, kuti njinga yabwino ndiyo imene ikhoza kukonzedwa pafupi ndi pamene yafera.

Kuzindikira ndi Kukonzanso ya Mpikisano

Kuyambira pamene malonda anamasulidwa m'caka ca 1991, njinga zogwirapo kale nchito zakhala zikulowa m'dziko monga momwe salaula amalowera, ndipo pakati pa izo sipalephera kupezeka ya mpikisano ya masiku akale. Wosaidziwa amainyoza cifukwa ca kuonda kwace. Woidziwa amayamba waikweza ndi dzanja limodzi, kenaka naigogoda ndi cikhadabo pakati pa paipi. Yabwino imalira mopyapyala ngati belu, yawamba imalira mogonthera. Amayang'ana tizigongono tolumikizira ngati tinasemedwa bwino, nafuna-funa kacizindikiro ka Reynolds kapena ka njiwa ya Columbus pa paipi ya pansi pa cishalo. Amapapasa kumunsi kwa mapaipi pafupi ndi mahandulo: ngati pali kakhwinya, njingayo inagundapo cinthu camutu, ndipo paipiyo iyenera kusinthidwa. Nambala ya felemu, yodindidwa pansi kapena kumbuyo, imathandiza kudziwa caka cimene inapangidwa.

Apa ndipo mmisiri wozolowera njinga yakuda ayenera kucenjera, pakuti ana awiri aja sadya zofanana. Paipi ya mpikisano siifika ngakhale milimita imodzi pakati pace. Makina oocherera a magetsi, amene amisiri a ku Kalingalinga amapangira mageti ndi mafelemu a zitseko m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, amaiboola nthawi yomweyo. Imafuna lawi la gasi ndi mkuwa, ndi dzanja lofatsa. Mazinga a pamalo pozungulira zopalasira naonso amasiyana: pa njinga za ku England, a mbali ya cheni amamangira kumanzere, koma pa za ku Italy ndi pa zakale za ku France amamangira kumanja, ndipo wokakamiza ndi sipanala yaikulu amapha felemu yonse. Magudumu akhoza kuoneka olingana, koma limu la mainchesi 28 la njinga yakuda ndi la mamilimita 635, la mainchesi 27 ndi la 630, ndipo lochedwa 700C ndi la 622; tayala la limodzi sililowa pa linzace.

Mdani wamkulu ndiye dzimbiri, ndipo limayambira m'kati, kumene diso silifika. Njinga yogona panja m'dzinja, kapena yoyenda m'madzi osefukira, imasunga madzi pansi pa felemu. Osunga njinga amazula cishalo, nathira mafuta m'mapaipi, napaka girisi pa ndodo ya cishalo kuti isagwirane ndi felemu. Ambiri a iwo tsopano amakana kupaka utoto watsopano ngati wakale ukalipo, ngakhale uli wokalika-kalika, pakuti utoto woyamba ukacotsedwa subweranso.

Cimene Ciyenera Kusungidwa

Pali mwambi wakuti tsobola wakale sawawa, ndipo anyamata ambiri a lero amauchula poona njinga ya agogo ao, maso ao ali pa minibasi ndi pa njinga yamoto. M'makomboni mumayenda anthu ogula zitsulo zakutha, amene amayesa katundu pa sikelo, ndipo zitsulozo zimakathera m'ng'anjo monga za ku Kafue, nizisanduka ndodo zomangira nyumba. Sikelo siidziwa dzina la Reynolds kapena la Humber. Pa sikelo, felemu ya mpikisano yomangidwa ndi manja imagulidwa motsika kuposa mphika wobooka wa citsulo colemera, cifukwa ca kupepuka komwe kuja kumene amisiri anakubvutikira zaka zambiri.

Koma posunga, pafunika kusiyanitsa. Wosonkhanitsa wa ku Ulaya amafuna kubwezera njinga ku tsiku la kubadwa kwace. Bauti yosakhala ya caka cimeneco amaicotsa. Kacitidwe kameneka nkoyenera pa njinga ya mpikisano, imene ulemu wace uli m'dzanja la amene anaimanga. Pa njinga ya m'komboni nkosayenera. Raleigh imene inagulidwa ndi malipiro a ku Nkana, nibwera ku George pa sitima, niocheredwa m'zaka za kusowa, nilandira keliyala ya makala mwini wace atapuma nchito, mbiri yace iri m'zigamba zomwezo. Woicotsa zigambazo kuti ifanane ndi ya m'sitolo ya ku Nottingham wafafaniza mbali ya Zambia, natsala ndi mbali ya England yokha.

Galimoto la Land Rover limene Bambo Kaunda ankayendera pomenyera ufulu lasungidwa pa nyumba ya nambala 394 ku Chilenje, kumene ana a sukulu amapita kukaliona. Njinga za ophika, za alonda, za omanga nyumba ndi za anchito a kumigodi, kusungidwa kwace kuli m'manja mwa mabanja ndi amisiri. Banja limene liri nayo licita bwino kulemba papepala nambala ya felemu, dzina la amene anaigula, caka ndi malo, ndi nchito imene ankagwira, akulu odziwa zimenezi akali moyo. Mmisiri wodziwa kulumikiza ndi mkuwa ndi kuluka masipoko acita bwino kukhala ndi mnyamata pambali pace, pakuti luso limeneli silinalembedwe m'buku. Ndipo njingayo isangopacikidwa kudenga ai. Akulu anati ciswe cimalowa m'mphasa yongoimika. Ya citsulo nayonso imakhala nthawi yaitali ikamathiridwa mafuta ndi kuchovedwa.